Tadala wafika ku Blantyre winayo

Gulu: Ana ndi zidzukulu za Gogo NaMbewe

Tadala: Mwaswera bwanji nonse? Pepani ndinasowa kuyambira Lachisanu. Ndinali pa kaulendo ka masiku atatu ndi anzanga awiri a m'kalasi, wina wa ku Ghana, wina wa ku Zambia. Ndabwerera ku Glasgow kuno ku Scotland usiku wathawu, miyendo ngati yobwereka. Chithunzi choyamba ndi cha Amalume, poti ndi amene anatiphunzitsa za Livingstone ndi kandodo m'manja kkkk

Tadala: [chithunzi: chikwangwani cha pa siteshoni ya sitima cholembedwa kuti Blantyre, Tadala ataima pansi pake atavala chijekete]

Yamikani: Msuweni usatipusitse. Wabwera mozemba, apa uli pa Wenela. Jekete ilo ndi la pa kaunjika wa ku Limbe.

Amayi: Mwana wanga, bola uli moyo. Lamulungu lonse foni yako osapezeka. Ndinayamba kuganiza zambiri ine.

Tadala: Pepani Amayi, batire linatha ndipo tchaja ndinaiwala komwe tinagona. Yamikani, kaduka kakupha.

Tadala: Kuchoka pa Glasgow Central ndi mphindi ngati 20 zokha pa sitima. Ukatsika umangotsetsereka ndi msewu umodzi kulowera ku mtsinje wa Clyde. Katauni kake n'kakang'ono, Blantyre wathu akhoza kukameza osatafuna. Nyumba imene Livingstone anabadwiramo mu 1813 ilipobe, yoyera, yosanjikizana, amaitcha Shuttle Row. Munkakhala mabanja 24 a anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje, banja lililonse chipinda chimodzi. Chimodzi basi! Mabedi ake ndi olowa m'khoma ngati mashelefu, kunsi kwake kuli kabedi kena kokoka kogonapo ana. Pophikira pomwepo, podyera pomwepo. Ndinaima pakhomo paja n'kukumbukira kanyumba ka lendi ka ku Mchesi kaja, mmene tinkakwezera mipando patebulo kuti tiyale mphasa. Ine m'mutu mwanga mzungu wa m'buku la Standade 6 uja ndinkamuyesa mwana wa bwana.

Tadala: Ntchito anayamba ali ndi zaka 10, yolumikiza ulusi ukaduka pa makina. Kulowa 6 koloko m'mawa, kuweruka 8 koloko usiku, kenako sukulu ya usiku mpaka 10. Panja pali chosema chachikulu cha mkango ukumugwetsa pansi, uja unamuphwanya mkono wamanzere mu 1844.

Mphatso: Achemwali chonde musawapatse Amalume zipolopolo. Akangomva za sukulu ya usiku ine ndatha.

Amalume: Tadala, zikomo chifukwa cha zithunzi. Zimene ndidaphunzitsa zaka zonse zija ndili mbuu ndi choko, osazionapo, iwe wakaziona ndi maso. Ndakondwa ndithu. Koma monga mwini mbumba ndiyenera kufunsa. Tidakuperekeza pa bwalo la ndege ku Lumbadzi kuti ukaphunzire. Sukulu zikutsegulidwa sabata ya mawa, fizi ya Mphatso sinaoneke. Denga la mayi ako likudontha chiyambire Januwale. Tsono masiku atatu a sitima, pogona, chakudya, zolipira pakhomo, zonsezo m'ndalama za kumeneko, ukazisintha kukhala makwacha ndi matumba angati a chimanga? Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga.

Mayi Aang'ono: Achimwene anena zoona. Ana a eni ake akapita kunja amatumiza zithunzi za maziko a nyumba ku Area 49. Wathu akutitumizira mabwinja a azungu.

Tadala: Amalume ndamva, ndipo sindikukutsutsani. Mundilole ndifotokoze pang'ono. Ndalama za sukulu sindinakhudzeko. Visa yathu imatilola kugwira ganyu maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, ndiye ine ndimagwira ku nyumba yosamalira okalamba. Ndinasinthana mashifiti ndi mnzanga, ndibweza sabata ino. Pa sitima ndili ndi khadi la ophunzira, amandichotsera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti. Pogona tinali anthu 8 m'chipinda chimodzi cha mabedi osanjikiza, wina akuliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Kamba ndinanyamula, mazira owiritsa ndi buledi wopaka chiponde. Za fizi ya Mphatso, ndinatumiza pa 3 mwezi uno kwa achimwene Limbani. Uthenga wotsimikizira ndikadali nawo.

Yamikani: Eeeh. Nkhani yakhota. A Limbani tikukuonani kuti mwawerenga, tizizindikiro tasanduka tabuluu.

Achimwene Limbani: Ndili pa mzere wa mafuta, ndiyankha bwinobwino ndikafika kunyumba. Ndalama zilipo, palibe wadya.

Alamu Chisomo: Bambo a Takondwa, ndalama zake ziti? Ine ndikumvera pano.

Amalume: Limbani, undiimbire ikakwana 7 koloko. Tadala, pepa pa mbali imeneyo, ndidalankhula ndisadafufuze. Za denga tidzakamba patokha. Pitiriza, tsiku lachiwiri mudalowera kuti?

Tadala: Loweruka tinalawirira ku Stirling. Tauni yakaleyo ili pa chimwala chachikulu, misewu yake yoyala miyala, mvula ikangowaza kumaterera ngati pa therere, ndipo mvula ya kuno siodira. Pamwamba penipeni pali linga la mafumu. M'menemo ndi mmene anavekera ufumu Mary, mfumukazi ya Scotland, mu 1543, ali ndi miyezi 9 yokha. Khanda la kubere, Amayi!

Amayi: Nanga milandu ankaweruza ndani?

Amalume: Akuluakulu omugwirizira mpando, mlongo wanga. Ndipo kugwirizira mpando wa mwana ndi kumene kumabala nkhondo, kulikonse.

Tadala: Kutsidya kwa mtsinje, pa kaphiri kena, pali nsanja ya William Wallace, amene anagonjetsa Angerezi pa mlatho wa Stirling mu 1297. Nzeru yake inali yakuti mlathowo unali wathabwa, wopapatiza. Anawasiya adani kuti ena awoloke, ena akadali tsidya lina, basi n'kuwatsekera pakati. Nsanjayo ili ndi masitepe 246 ozungulira ngati chigoba cha nkhono, opanikiza moti mukakumana ndi wotsika, mmodzi amamatira kukhoma. Ndinawerenga mpaka 180, kenako ndinasiya kuwerenga n'kuyamba kupemphera. M'katikati muli chipinda chosungira lupanga lake m'galasi, kutalika kwake pafupifupi msinkhu wanga. Pamwamba mphepo inandilanda chipewa, pano chili kwinakwake m'munda mwa munthu.

Yamikani: Munthu amene anakana kukwera phiri la Nkhoma ndi anzake a kwaya, ati mawondo, lero akulipira ndalama kuti akwere masitepe. Ulaya ndi mankhwala.

Tadala: Iwe khala chete. Madzulo ake tinalawa chakudya chawo chotchuka chija, haggis. Tinagula mbale imodzi atatu.

Mayi Aang'ono: N'chiyani chimenecho?

Tadala: Mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, zogayagaya, kusakaniza ndi oats, anyezi ndi tsabola. Amadyera mbatatesi yoponda.

Yamikani: Ndiye zam'kati basi! Za pa chiwaya pa Chigwirizano, kungoti awo aziveka taye.

Tadala: Kkkk sindikukana. N'zokoma ndithu, koma pakanakhala kansima pambali ndi kambuzi zikanapita patali.

Amalume: Ku Edinburgh simudafike?

Tadala: Tinangogonako Loweruka usiku, Amalume. Linga lake ndinalionera patali likuwala ndi magetsi, m'mawa n'kuthamangira sitima.

Amalume: Wataya mwayi. Kumeneko ndi kumene Kamuzu adakatsirizira maphunziro a udokotala mu 1941, ndipo adakhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland. Upitekonso masana, ukaone bwino sukulu yakeyo, unditumizire chithunzi.

Yamikani: Adadi, si inu mumanena za mapanga awiri posachedwapa?

Amalume: Yamikani, bandulo ukugwiritsayo ndidagula ndine.

Amayi: Tadala, ndiye kuti Lamulungu sunapite kutchalitchi?

Tadala: Ndinalowa m'tchalitchi Amayi, kungoti chopanda denga. Dikirani ndifotokoze, chifukwa tsiku limeneli ndi limene linandikomera. Sitima yochokera ku Edinburgh imadutsa pa Forth Bridge, chimlatho chofiira chachitsulo chimene anatsegulira mu 1890, kutalika makilomita awiri ndi theka. Uli m'sitima umangoona zitsulo zikudutsa pawindo, pansi madzi okhaokha. Mnzanga wa ku Ghana anatsinzina mpaka tinawoloka. Ku St Andrews, kumene tinkapita, kulibe siteshoni, umatsikira pa Leuchars n'kukwera basi. Ife tinaima mbali yolakwika ya msewu, basi n'kutidutsa tikuiyang'ana. Safunsa anadya phula.

Tadala: Tauniyo ili m'mphepete mwa nyanja yamchere, misewu ikuluikulu itatu yonse yolunjika ku tchalitchi chachikulu. Chinali chachikulu kuposa china chilichonse mu Scotland, anachipatula mu 1318 mfumu Robert the Bruce ali pomwepo. Lero kwatsala khoma lakum'mawa ndi nsanja zake ziwiri, chipupa chimodzi cha mawindo opanda magalasi, ndi manda mbali zonse. Pamene panali mizati pangotsala zitsa zamiyala m'kapinga, umayenda pakati pake n'kumayeza ndi maso kuti denga linali kutali bwanji. Akuti mu 1559 John Knox atalalikira m'tauniyo, khamu la anthu linakachotsa mafano ndi zokongoletsa zonse. Chitasiyidwa, anthu anayamba kugumula miyala n'kumakamangira nyumba zawo. Ukamayenda m'tauni umadziwa kuti tchalitchi chija chinamwazikira m'makoma a anthu.

Mayi Aang'ono: Ndiye kuzula njerwa pa nyumba yosiyidwa si ife tokha eti? Ndimayesa ndi matenda a ku Chinsapo.

Amalume: Knox ameneyo ndiye tsinde la Chipresibiteriyani cha ku Scotland. Koma ana inu muzisiyanitsa. Amishoni a ku Scotland adayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Ife a Nkhoma tidachokera kwa a Dutch Reformed a ku South Africa, amene adayamba pa Mvera mu 1889. CCAP idapangidwa mu 1924 ndi awiri oyambawo, Nkhoma idalowamo mu 1926. Mphatso, lemba zimenezo.

Mphatso: Ndajambula sikirini, Amalume.

Tadala: Tsono imvani iyi. Yunivesite ya kumeneko ndi ya mu 1413, yakale kuposa zonse mu Scotland. Pakhomo pa tchalitchi chake chaching'ono, pansi pa msewu, miyala anaiyala mopanga zilembo ziwiri, PH. Ndi pamene anawotchera Patrick Hamilton mu 1528 chifukwa cha chiphunzitso chake, ali mnyamata wa zaka 24. Ophunzira sapondapo. Ati ukaponda ulephera digiri. Ndinaima pambali mphindi zingapo kuonerera: mtsikana akubwera maso ali pa foni, khofi kudzanja linalo, kufika pamenepo phazi lokha likukhota osayang'ana n'komwe. Ndipo ukaponda mwangozi, mankhwala ake ndi kukadziponya m'nyanja yozizira ija m'bandakucha wa pa 1 Meyi.

Mayi Aang'ono: Hii! Anthu omwewa ndi amene ankatiuza kuti kusadya mazira kwa mayi woyembekezera ndi umbuli?

Yamikani: Funso n'lakuti iweyo unaponda?

Tadala: Mayeso anga ali mwezi wamawa. Ndinalumpha.

Amayi: Unachita bwino.

Tadala: Bwalo lawo lotchuka la gofu, Old Course, Lamulungu sasewerapo, limapuma, ndiye aliyense amangoyendamo ndi agalu ndi ana. Tinajambulitsa pa kamlatho kamiyala kaja mumakaona pa TV, n'kakang'ono moti ndinaseka. Kenako ndinati ndidzipepese, ndigule nsomba ndi tchipisi. Ndakhala pa benchi, ndatsegula pepala, nthunzi ili tolotolo, ndikuti ndiwaze mchere. Ndinangomva phiko pa tsaya langa, phaa! Chimbalame choyera cha kunyanja, chachikulu ngati tambala, chanyamula nsomba yonse ngati mphamba wagwira mwanapiye. Chinakatera poteropo n'kumadya chikundiyang'ana. Agogo ena pa benchi ina anangoti pepa, zimatero. Ndinadya tchipisi chokha ndi misozi.

Yamikani: Mizimu ya kwanu yakwiya, unadya osagawira msuweni wako kkkkk

Mphatso: Achemwali, pa malo onsewo pamene panakukhudzani kwambiri ndi pati?

Tadala: Pali nkhani imene ndinaisunga, chifukwa inandichititsa manyazi. Ku Blantyre kuja kunali agogo ena aakazi othandiza alendo mongodzipereka. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anandipatsa moni m'Chichewa, ati anaphunzitsako kwathu kalekale. Anandigwira dzanja n'kunditengera ku mbali imene akufotokoza za anthu akuda amene ankayenda ndi Livingstone. Nyumbayo anaikonzanso n'kuitsegula mu 2021, ndipo pano anthu amenewa akutchulidwa maina: Susi, Chuma, Jacob Wainwright. Chuma anali Myao, anamupulumutsa kwa ogula akapolo mu 1861 ali kamnyamata, n'kukhala ndi amishoni ku Magomero. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, ku Zambia, mu Meyi 1873, iwowa anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, thupi n'kuliumika ndi mchere ndi dzuwa, kulikulunga, kulinyamula wapansi mpaka ku Bagamoyo m'mphepete mwa nyanja ya Indian. Miyezi 9 ali pa njira.

Amayi: Kunyamula maliro miyezi 9! Kuno adzukulu akangofika pa Biwi ayamba kale kufunsa ngati nsima yapsa.

Tadala: Ndiye agogo aja anandifunsa kuti, kodi mkuyu uja wa ku Nkhotakota, pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe wogulitsa akapolo uja, ukadalipo? Ine pakamwa pangoti gwa. Ndinayankha kuti eya ulipo, uli bwinobwino. Koma Amalume, sindinauonepo. Ku Nkhotakota ndinangodutsa pa basi popita ku Dwangwa, ndili m'tulo. Mnzanga wa ku Zambia anafunsidwanso za kwa Chitambo, naye zii. Tinatuluka tonse mitu ili pansi, wa ku Ghana akutiseka chifukwa iye ku linga la akapolo la kwawo ku Cape Coast anapitako ndi sukulu.

Alamu Chisomo: Alamu simunaname, mtengowo ulipo. Ine ndakulira pamenepo. Uli kufupi ndi tchalitchi cha Anglican ndi chipatala cha St Anne's. Koma kunena zoona, kwa ife unali mthunzi chabe. Tinkakhalapo podikira nthawi yoona odwala, amayi akugulitsa zitumbuwa, njinga zitatsamira pa tsinde. Mlendo akabwera ndi kamera tinkadabwa kuti akujambula chiyani. Za Jumbe tinkamva kwa agogo, kuti anthu ogwidwa kumtunda kuno ankawasonkhanitsa pagombe, kuwakweza m'zombo kuwoloka nyanja, kenako wapansi mpaka ku Kilwa. Agogo akamanena zimenezi ankatsitsa mawu, chifukwa mabanja a ogwidwa ndi a ogwira onse ndi apaneba mpaka lero. M'tchalitchi muja mulinso manda a Bishopu Chauncy Maples amene anamira m'nyanja mu 1895. Mukadzabwera ndidzakutengani, tikasambenso madzi otentha a pa Mawira, mayi akakuphikireni kondowole ndi chambo chopanda mbalame yolanda.

Tadala: Alamu mwandigwetsa misozi. Zaka zonsezi tikudyera limodzi, bwanji simunandiuze?

Alamu Chisomo: Munandifunsapo? Inu mukandiona mumangofunsa ngati ndabweretsa mpunga.

Mphatso: Inenso ndiulule. Ku manda a Kamuzu pa City Centre sindinalowepo. Ndimangoona denga lake ndili mu minibasi.

Yamikani: Ine nsanja ya asilikali ya ku Area 18 ndimaidziwa ngati polozera njira basi.

Achimwene Limbani: Koma tisanamizane. Kuona malo ndi za anthu okhuta. Munthu wagona pa mzere wa mafuta angawotche malita ake kukaona mtengo? Uko sitima imakutula pakhomo, chimbudzi chilipo, chikwangwani chilipo, wokufotokozera alipo. Kuno ukafika pamalo umayamba kufunsa ana oweta mbuzi kuti kodi mwala wake ndi uti.

Mayi Aang'ono: Apa pokha Limbani walankhula. Ngakhale kuti ali ndi mlandu.

Tadala: Achimwene, za sitima ndi zikwangwani mukunena zoona, kuno anaikapo ndalama ndipo malowo amabweza ndalamazo. Koma za kukhuta sindikuvomera kwenikweni. Ku Salima timapita pa Khirisimasi iliyonse, mafuta amapezeka, mbuzi imaphedwa. Kuchoka pa Salima kukafika ku Mua kapena ku Nkhotakota ndi msewu womwewo wa M5, wina kumwera wina kumpoto.

Amalume: Ine ndidatengapo ana a Standade 8 pa lole ya makala kupita nawo ku Nkhoma. Aliyense adasonkha kangachepe, amayi adaphika mbatata. Mishoni ija ndi ya mu 1896, nyumba zake za njerwa zootcha zikadali chiimire, ndipo kuchoka m'tauni muno ndi makilomita ngati 50, kukhotera pa Kamphata. Ana aja ena ndi agogo tsopano, koma tikakumana amakumbutsa za ulendo umenewo, za masamu anga palibe amakumbuka. Ku Mua, mishoni ya Akatolika ya mu 1902, kuli KuNgoni kumene adasonkhanitsa zigoba za gule wamkulu zambirimbiri ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Dedza kuli zojambula za pa miyala za Chongoni zimene UNESCO idaziika m'kaundula wake mu 2006. Ine ndemwe ku Chongoni sindidafikeko, ndipo ndili ndi zaka 68.

Amayi: Achimwene, ku Mua kuja ine zilombo sindikalowa nawo. Ndikakudikirani panja ndi mafulasiki.

Yamikani: Azakhali, ndi zigoba zopachika pakhoma, sizithamangitsa munthu.

Amayi: Iwe ukudziwa chiyani.

Tadala: Ndiye tipange chonchi. Ndikubwera kumapeto kwa Seputembala ndikapereka kafukufuku wanga. Tichite hayala minibasi imodzi, Loweruka m'mamawa, Nkhotakota kudzera ku Salima, tikagone kwa makolo a alamu ngati angatilandire, pobwerera Lamulungu tidzere ku Mua. Mafuta a ulendo wopita ndi anga. Zotsalazo tizisonkha mwezi ndi mwezi kuyambira Meyi.

Alamu Chisomo: Mphasa zilipo zambiri. Mubwere ndi maneti a udzudzu okha.

Mayi Aang'ono: Ine Loweruka ndiye tsiku la malonda ku Lizulu. Koma mukandilonjeza kuti pobwerera tiima pogula mpunga ndi usipa wokagulitsa, benchi ndimusiyira mtsikana.

Amalume: Ndilembeni. Koma denga liyambe lakonzedwa mvula isanabwere, Tadala, sindidaiwale. Msungichuma akhale ndani?

Yamikani: Ndikupereka dzina la a Limbani, ali ndi luso losunga ndalama mwakachetechete.

Alamu Chisomo: Ndikana ine mkazi wawo. Zisungidwe ndi Amayi.

Achimwene Limbani: Inu anthu, ndinangobwerekako pang'ono kugulira matayala awiri, galimoto yomweyi ndi imene imakunyamulani pa maliro ndi pa maukwati. Malipiro akangolowa Lachisanu fizi ndikapereka ndekha ku sukulu.

Mphatso: Achimwene, sukulu tikutsegulira Lolemba. Opanda lisiti akubwezedwa pa geti.

Amalume: Limbani, 7 koloko yakwana. Foni yako ikungoitana.